Timizere pa penti ya galimoto yakuda: kodi makina opolishira angatichotse?

Funso: Chaka chatha ndinaitanitsa Toyota Mark X yakuda kuchokera ku Japan. Itangofika inkawala bwino, koma pano ndikaiimika padzuwa ndimaona timizere ting'onoting'ono tambirimbiri tozungulirazungulira pa boneti, padenga ndi m'zitseko. Pamthunzi sitioneka. Anyamata amene amanditsukira galimoto akuti akhoza kutichotsa ndi makina, ndipo makina akewo ndawaona, ndi grinder imene amamangirirapo chaubweya. Ndiwalole, kapena ndigule makina anga ndiyese ndekha? Nanga tikachoka, sitidzabweranso? Wowerenga wa ku Lilongwe.

Yankho: Bambo, grinder imeneyo isakhudze galimoto yanu. Grinder yaing'ono yodulira zitsulo imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi imodzi, pomwe makina enieni opolishira amayambira cha m'ma 600 n'kulekezera cha m'ma 3,000, ndipo ntchito yambiri timaigwira pakati pa 900 ndi 1,800. Pa liwiro la grinder penti imatentha nthawi yomweyo, imafewa, kenako imapsa mpaka ya pansi kuonekera. Zikafika pamenepo palibe polishi amene angakonze, kwatsala n'kupita kwa opopera penti. Komabe musafulumire kuwaweruza anyamatawo, chifukwa alipo makina opolishira amene maonekedwe ake ndi a grinder ndithu. Yang'anani ngati ali ndi kagudumu kosinthira liwiro, ndipo werengani manambala amene alembedwa pambali pake. Mukapeza 10,000 kapena 11,000 popanda posinthira, kanani.

Timizere mukunenato timachoka, ndipo munthu wodekha akhoza kutichotsa yekha pakhomo. Koma musanagule chilichonse ndikufuna mumvetse chimene makinawo amachita pa penti, chifukwa ambiri amene awononga magalimoto awo ankaganiza kuti polishi amawonjezera kanthu pa galimoto. Zoona zake n'zakuti amachotsa.

Ku fakitale, pa chitsulo amayamba kuikapo penti yoteteza ku dzimbiri, kenako primer, penti yapansi yothandiza kuti ya pamwamba igwire, kenako penti ya mtundu, yakuda ija, ndipo pamwamba pa zonse amapoperapo penti yoonekera mkati imene opopera penti amaitcha kiliya. Kuwala konse mumakuona kuja ndi kwa kiliya. Kukhuthala kwa penti timakuyeza ndi ma micron, ndipo mu milimita imodzi muli ma micron 1,000. Penti yonse ya ku fakitale, kuchokera pa chitsulo mpaka pamwamba, nthawi zambiri imakhala ma micron 100 mpaka 150. Kiliya payokha imangokhala 35 mpaka 50. Pepala limene timasindikizira makalata mu ofesi ndi pafupifupi ma micron 100, ndiye kuti chuma chonse chimene muli nacho pa galimotoyo sichikwana theka la pepala limodzi.

Timizere tija tili mu kiliya momwemo. Makina satidzaza ayi. Amapala kiliya yonse yozungulira kamzereko mpaka itafika pamene kamzereko kathera, monga mmene kalipentala amapalira thabwa lonse kuti pokumbika pasalale. Kiliya imene yapalidwa siimeranso. Komanso mankhwala amene amateteza penti ya mtundu ku dzuwa ali mu kiliyamo, choncho ikapyapyala kwambiri, dzuwa lathu lino limaimaliza msanga: imayamba kutuwa, kenako kusupuka. Polishi wofewa amachotsa ma micron ochepa chabe, mwina awiri kapena atatu. Compound, mankhwala opala mwamphamvu, ikakhala yaukali pa chaubweya ikhoza kuchotsa kuwirikiza pamenepo ulendo umodzi wokha. Ife a ntchitoyi timayesetsa kuti pa moyo wonse wa galimoto tisachotse kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a kiliya. Werengani nokha muone kuti mwayi wopolisha mwamphamvu muli nawo kangati. Si kambiri.

Za kuzungulira kwa timizereto, maso amatinamiza. Timizere timeneti tayenda mbali zonse, tina chopingasa, tina chotsika, tina chokhota. Dzuwa kapena babu likawalira pa penti, timene timabweza kuwala m'maso mwanu ndi tokhato timene tagona mopingasa kuwalako, n'chifukwa chake timaoneka ngati tapanga bwalo pozungulira chithunzi cha dzuwa, ndipo mukasuntha bwalolo limasuntha nanu. Pamthunzi kuwala kumachokera ponseponse, ndiye sitioneka. Galimoto yoyera kapena ya siliva ilinso nato, kungoti penti yakuda siibisa kanthu. Onjezanipo kuti penti yakuda ya Toyota ya nambala 202 imadziwika pakati pa opolisha kuti ndi yofewa. Penti ya magalimoto ambiri a ku Japan, Honda, Mazda, Subaru, imakhala yofewerapo poyerekeza ndi ya Volkswagen, Audi kapena Mercedes-Benz. Kwa inu ubwino wake ndi wakuti timizere tichoka mosavuta ndi polishi wofewa. Kuipa kwake ndi kwakuti nsalu yakuda pang'ono yokha ikwanira kutibwezeretsa.

Musanayambe, fufuzani kaye chimene chili pa galimotoyo, chifukwa si zonse zimene makina amachotsa. Pamene pakalika moonekera, yendetsanipo chikhadabo mopingasa. Chikakodwa, ndiye kuti pakumbika kwambiri, ndipo kupala kiliya yonse mpaka pansi pake ndi kutaya penti yabwino chifukwa cha mzere umodzi. Makina akhoza kungofewetsa m'mbali mwake kuti usamaonekere patali, basi. Thiraniponso madzi: mzere ukasowa pamene panyowa, uli mu kiliya ndipo pali chiyembekezo. Ukamaonekabe woyera kapena wotuwa, wadutsa. Ngati padenga kapena pa boneti pali zigamba zoyera zokhakhala, kapena kiliya yayamba kusupuka m'mphepete, monga timaonera pa ma Vitz, ma Fit ndi ma Demio ambiri m'misewu yathu, pamenepo kiliya yafa kale. Makina angofulumizitsa kusupukako. Zitosi za mbalame ndi za mileme, utomoni wa mitengo ndi madontho a madzi a pamjigo amene anaumira padzuwa zimadya kiliya, ndipo nthawi zina zimalowa mozama kuposa timizere. Zina zimachoka, zina zimangochepa.

Kachipangizo koyezera kukhuthala kwa penti n'kothandiza kwambiri pa galimoto yogula kwa wina, chifukwa mwini wake woyamba ku Japan mwina anaipolisha kale kangapo, ndipo chitseko china mwina chinapoperedwanso. Kachipangizoka kamayeza penti yonse pamodzi, osati kiliya payokha, koma kamakuuzani zambiri. Pamene kawerenga ma micron ochepera 80, yendani mosamala kwambiri kapena palekeni. Pamene kawerenga 250 kapena 300 pomwe mbali zina zili pa 110, panapoperedwanso, ndipo penti yake ikhoza kuchita mosiyana ndi inzake. Totchipa timagwira pa chitsulo pokha, pa bampala ya pulasitiki sitiwerenga. Ngati mulibe, ingoganizani kuti penti yanu ndi yopyapyala, muchite zonse mofatsa.

Kanthu kena kakang'ono. Pakani polishi pang'ono pa nsalu yoyera, mupukute pamalo obisika. Nsalu ikatenga mtundu wa galimoto, pentiyo ilibe kiliya. Ma Hilux, ma Hiace ndi ma Probox ambiri oyera ali choncho, ndipo akatuwa amabwerera bwino kwambiri ndi makina. Koma ngati galimoto ili ndi kiliya ndipo pakati pa ntchito mwaona siponji ya pa makina yada ndi mtundu wa galimoto, imani pomwepo. Mwabooleza.

Tibwere ku makina. Alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. A rotary, monga Makita 9237C, amangozungulira pamalo amodzi. Ndi amphamvu, ndi achangu, ndipo m'manja mwa munthu wozolowera amatulutsa ntchito yokongola. Koma amatenthetsa penti, ndipo munthu wosazolowera amasiya mizere ina yonyezimira yotsatira mmene makina anayendera, imene imavina padzuwa ukamayenda mozungulira galimoto. Magalimoto ambiri akuda ochokera ku magalaja amatuluka nayo mizere imeneyi, chifukwa anapolishidwa ndi chaubweya ndi compound yaukali popanda kubwerezanso ndi polishi wofewa. Ena ndi a dual action, amene timangowatcha DA. Awa amazungulira kwinaku akugwedera m'timabwalo ting'onoting'ono, choncho siponji siikhala ikupala malo amodzimodzi, ndipo mukakanikiza kwambiri amasiya kuzungulira m'malo mootcha penti. Kwa munthu woyamba, DA ndiye woyenera. Alipo ogwedera ma milimita 8, ena 15, ena 21 monga a Rupes a ku Italy, koma simufunika odula kwambiri kuti mugwire ntchito ya galimoto imodzi. Wa ma milimita 8 kapena 15 wokhala ndi mbale yomatapo siponji ya ma milimita 125 akukwanirani. Mukamaitanitsa kunja onetsetsani kuti ndi a mavoti 220 mpaka 240. A ku America ndi a ku Japan amapangidwira magetsi a 120 ndi 100, ndipo apsa mukangowalumikiza kuno.

DA ikhoza kuwononganso, musaitenge ngati yopanda ngozi. Kungoti imakupatsani mpata woona kuti zinthu zikulakwika.

Mphamvu yopala imachokera ku zinthu ziwiri pamodzi, siponji ndi mankhwala. Masiponji alipo olimba opalira, apakati opolishira, ndi ofewa omalizira. Musadalire mitundu yake, chifukwa kampani iliyonse ili ndi dongosolo lakelake: yachikasu ya uyu ndi yolimba, ya uja ndi yofewa. Werengani zimene zalembedwa pa paketi. A microfibre ndi a ubweya wa nkhosa amapala kwambiri, ndipo pa penti yofewa yakuda muwasiye kaye. Gulani masiponji okwanira, anayi kapena asanu a mtundu umene mugwiritse ntchito kwambiri. Siponji imodzi siingamalize galimoto. Imadzaza ndi polishi wakutha ndi fumbi la kiliya, imatentha, imafewa, ndipo imayamba kukala m'malo mosalaza.

Mankhwala nawonso ali m'magulu awiri: compound, imene imapala kwambiri, ndi polishi womalizira. Meguiar's ali ndi M105 yopalira ndi M205 yomalizira. Menzerna a ku Germany amaika manambala, 400 yaukali, 2500 yapakati, 3500 yomalizira. Sonax Perfect Finish imayenda bwino pa penti yofewa. Zambiri mwa izi anthu amabwera nazo kuchokera ku Johannesburg ngati m'masitolo athu sizikupezeka. Imene mudzaipeza mosavuta kwa ogulitsa penti ya magalimoto ndi Farécla G3 ya ku Britain. Ndi compound yabwino pa ntchito yake, imene ndi kuchotsa mizere ya sandipepa pa penti imene yangopoperedwa. Pa timizere ta kutsuka ta galimoto yakuda yofewa, mphamvu yake yapitirira. Vuto lanu n'laling'ono, ndipo ine ndikanayamba ndi M205, Menzerna 2500 kapena Sonax ija pa siponji yapakati.

Chenjerani ndi mabotolo olonjeza kuchotsa kukalika konse m'mphindi zochepa. Ambiri ali ndi mafuta ndi zodzazira zimene zimangobisa timizere. Galimoto imatuluka ikunyezimira, mwini wake amalipira mokondwa, ndipo akaitsuka kawiri katatu zonse zimabwerera poyera. Kubisa pakokha si kulakwa. Pa galimoto ya penti yopyapyala ndi nzeru yabwino kusiyana ndi kupala. Cholakwika ndi kulipiritsa munthu mtengo wa kuchotsa pomwe wangobisa.

Kukonzekera kumatenga nthawi, ndipo n'kumene anthu amakudumpha. Tsukani galimoto bwinobwino. Madontho a phula la mumsewu amene amamatirira m'munsi mwa zitseko muwasungunule ndi mankhwala ake. Kenako lowetsani dzanja mu kajumbo kopyapyala muyendetse pa boneti. Mukamva timiyala, ndiye kuti pali zonyansa zomatirira zimene sopo sanachotse, ndipo izi zimachoka ndi clay bar, kadongo kopangidwa ku fakitale kamene mumakayendetsa pa penti yonyowa ndi madzi a shampuu. Kakagwa pansi katayeni. Mukadumpha gawo limeneli, kamchenga kamodzi kolowa mu siponji kakala boneti yonse pa liwiro la makina. Matani tepi ya pepala, ija ya opopera penti, pa mapulasitiki akuda, pa malabala a mawindo, pa zilembo ndi pa mizere yakuthwa ya thupi la galimoto. Ntchitoyi igwiridwe pamthunzi, penti ili yozizira, pamalo opanda mphepo. Miyezi ya Ogasiti mpaka Novembala fumbi limakhala lambiri m'Lilongwe, choncho pezani galaja yotseka, kapena wazani madzi pansi musanayambe. Mukhale ndi tochi yowala kwambiri. Ya pa foni imathandiza ikakhala pafupi, koma tochi yeniyeni imaonetsa zambiri.

Tsopano gawo limene ndimalikakamira kwa aliyense amene ndikumuphunzitsa: yesani kaye pamalo amodzi. Sankhani kachigawo pa buti kapena pa boneti, masentimita 40 mbali zonse, mudule malire ndi tepi. Yambani ndi zofewa kwambiri zimene muli nazo. Zikachotsa timizere, mwapeza njira ya galimoto yonse ndipo mwapulumutsa kiliya. Zikalephera, bwerezani kamodzi. Zikalepherabe, kwerani sitepe imodzi yokha, kaya siponji yolimbirapo kapena mankhwala amphamvupo, osati zonse ziwiri nthawi imodzi. Munthu amene amayamba ndi compound pa galimoto yonse asanayese sadziwa chimene akuchita, ngakhale atakhala kuti wagwira makina zaka zambiri.

Kagwiridwe kake ndi aka. Siponji ikhale pakatikati pa mbale. Ikanipo madontho anayi kapena asanu aakulu ngati nsawawa ngati siponjiyo ndi youma, ndipo pa zigawo zotsatira atatu akwana. Polishi wambiri sapala bwino, amangotereretsa. Gunditsani siponji malo angapo m'chigawocho makina asanayake, ndipo muziyatsa ndi kuzimitsa siponji ili pa penti, apo ayi polishi amwazikira galimoto yonse ndi zovala zanu. Mwazani polishiyo pa liwiro lotsika, kenako kwezani kufika pa 4 kapena 5 pa makina olekezera 6. Yendani pang'onopang'ono, masentimita awiri kapena atatu pa sekondi. Apa ndi pamene oyamba kumene amalakwitsa. Amathamangitsa makina uku ndi uku ngati akupaka wax, n'kumadabwa kuti timizere sitikuchoka. Pitani chopingasa, mzere uliwonse uziphimba theka la mzere wapitawo, kenako chotsika chimodzimodzi. Maulendo anayi mpaka asanu ndi limodzi akwana. Maulendo oyamba kanikizani pang'ono, omaliza pepukitsani dzanja kuti kulemera kwa makina kokha kugwire ntchito.

Siponji igone yonse pa penti, isapendekeke. Lembani kamzere ndi cholembera chakuda m'mphepete mwa mbale kuti muziona ngati ikuzungulira. Kamzereko kakaima n'kumangonjenjemera, makina sakupala, ndiye kuti mwakanikiza kwambiri kapena mwapendeketsa. Polishi akayamba kuonekera mkati, imani, musadikire kuti aume n'kuyamba kutulutsa fumbi. Pukutani ndi nsalu ya microfibre yoyera bwino, mofatsa, chifukwa pa penti yofewa ngati yanuyi kupukuta kokha kukhoza kukala pamene mwangomaliza kukonza. Chingwe cha magetsi chiponyeni paphewa kuti chisakhule chitseko. Lamba wa chitsulo, wotchi ndi mphete vulani. Pakutha pa chigawo chilichonse tsukani siponji ndi kabulashi kapena ipukuteni pa thaulo ikuzungulira pang'onopang'ono, ndipo mukamaliza zigawo za boneti kapena zitseko ziwiri sinthani ina.

Mukapukuta, musakhulupirire maso anu nthawi yomweyo. Mafuta a mu polishi amabisa timizere totsala. Wazanipo sipiriti wotchedwa isopropyl alcohol wosungunula, gawo limodzi ku magawo anayi a madzi, kapena panel wipe, mankhwala ochotsa mafuta pa penti, ya kwa ogulitsa penti, mupukute, kenako muwalitse tochi. Chimene mukuona pamenepo ndiye chenicheni. Ngati timizere tachoka koma penti ikuoneka ngati ili ndi kachifunga, siponji kapena mankhwala zakula mphamvu, bwerezani ndi zofewa.

M'mphepete mwa zitseko, mwa boneti ndi pa mizere yakuthwa penti imakhala yopyapyala kuchokera ku fakitale komwe, ndipo kulemera konse kwa makina kumatsamira pa kamalo kakang'ono. Ngozi zambiri zimachitikira pamenepo. Lekezani chala chimodzi kapena ziwiri musanafike m'mphepete. Mabampala ndi pulasitiki, sataya kutentha msanga ngati chitsulo, choncho tsitsani liwiro ndipo musakhalitse pamodzi. Muzigwira penti ndi kuseri kwa dzanja. Kufunda kulibe kanthu, koma ikatentha moti simungasiyepo dzanja, pitani kwina mubwerenso. Malo opapatiza monga mizati ya mawindo amafuna siponji yaing'ono ya ma milimita 75, kapena dzanja.

Ndiye pali nkhani ya kudziwa polekera. Timizere tochuluka tikachoka, mudzayamba kuona mizere ina yozama, umodzi apa wina apo, imene inkabisala pakati pa tinzake. Mtima udzafuna kuithamangitsa. Ine ndimati isiyeni. Pa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku m'misewu yathu, kuchotsa magawo asanu ndi atatu mwa khumi a timizere n'kusunga kiliya ndi ntchito yabwino kuposa kuchotsa zonse n'kudzaona denga likusupuka pakatha zaka ziwiri. Amene adzaione mizere yotsalayo ndi inu nokha, mutagwira tochi. Galimoto ya msinkhu wa Mark X imatenga tsiku lathunthu pa ulendo umodzi wa polishi, kuwerengera kutsuka ndi kukonzekera, ndipo ikafuna compound ndi polishi womalizira ndi masiku awiri. Wina akakuuzani kuti amaliza mu ola limodzi, dziwani kuti abisa kapena apala mwankhanza.

Mukamaliza, penti imakhala yopanda chotchinga, ndiye ikanipo chitetezo tsiku lomwelo. Wax wa carnauba amawalitsa mokongola, koma pa galimoto yakuda yokhala padzuwa la Okotobala sachedwa kutha, mwina mwezi umodzi kapena iwiri. Sealant, mankhwala opangidwa ku fakitale opaka ngati wax, imakhalitsapo, miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi. Ceramic coating, mankhwala amene amauma molimba pamwamba pa penti, ikapakidwa bwino imatha zaka ziwiri kapena kupitirira, ndipo imathandiza kuti dothi lisamamatirire, koma musamvere amene akuti galimoto yopakidwa ceramic siikalika. Imakalika. Ngati pali chitseko chimene changopoperedwa kumene, funsani wopoperayo nthawi yodikira musanapakepo chilichonse. Kawirikawiri ndi mwezi umodzi mpaka itatu.

Ngati mwasankha kulemba munthu m'malo mogula makina, mufunseni kuti agwiritsa ntchito makina anji, ali ndi masiponji angati, ndipo akatha compound amalizira ndi chiyani. Kenako mupempheni apolishe theka la buti lokha, apukute ndi alcohol ija inu mukuona, mutulutse galimoto padzuwa muyerekeze mbali ziwirizo. Wodziwa ntchito sakana zimenezi. Kugula makina kumapindulitsa ngati muli ndi magalimoto angapo pakhomo kapena mumaikonda ntchito ya manja. Zikatero pitani kwa ogulitsa zipangizo za magalimoto owonongeka mugule boneti kapena chitseko chakale, makamaka chakuda, muphunzirirepo. Yesani dala kuotcha m'mphepete mwake kuti muone mmene zimachitikira mwachangu.

Funso lanu lomaliza ndiye lalikulu, ndipo yankho lake lili pa katsukidwe. Mwanena kuti galimoto inafika ikuwala ndipo timizere tabwera m'chaka chimodzi. Tachokera ku ndowa ndi nsalu. Fumbi la kwathu kuno lili ndi timchenga tolimba kuposa kiliya. Ndowa imodzi ikatsuka matayala, kenako zitseko, kenako denga, ndipo nsalu yake ndi malaya akutha amene atsuka kale minibasi zingapo m'mawa womwewo, kamchenga kalikonse kamene kali m'nsalumo kamasiya mzere wake. Choipa kwambiri ndi chizolowezi cha m'makomo ambiri choti mlonda kapena mnyamata wapakhomo azipukuta fumbi m'mawa uliwonse ndi nsalu youma kuti abwana apeze galimoto yoyera. Amachita ndi mtima wabwino, ndipo nthawi zambiri ndife eni ake timawauza kutero, koma pa penti yakuda palibe chimene chimawononga msanga kuposa chimenechi. Galimoto ya fumbi ikhale ndi fumbi lake mpaka tsiku lotsuka ndi madzi. Chimodzimodzi chophimba galimoto: mukachiyala pa galimoto ya fumbi, mphepo imachigwedeza usiku wonse ndipo chimakhula penti.

Katsukidwe koyenera sikafuna ndalama zambiri. Yambani ndi kuthira madzi ambiri kuti fumbi litsike lokha dzanja lisanakhudze, ndipo ngati mulibe paipi, keni yothirira dimba imagwira ntchito. Ndowa zikhale ziwiri, ina ya shampuu ya galimoto, ina ya madzi okha otsukuluzira nsalu musanaibweze mu shampuu. Nsalu ikhale ya microfibre. Yambirani padenga kutsika, m'munsi mwa zitseko mumalizire, ndipo matayala akhale ndi ndowa ndi bulashi yakeyake. Sopo wa ufa wochapira zovala musiyeni: amachotsa wax, ndipo timibulu tosasungunuka timakala. Tsukani m'mamawa kapena madzulo, muumitse msanga ndi thaulo la microfibre mosakanikiza, makamaka ngati madzi ndi a pamjigo. Nsalu ikagwa pansi isabwererenso pa galimoto isanachapidwe. Zitosi za mbalame musadikire nazo tsiku lotsuka: ikanipo nsalu yonyowa zifewe, munyamule osakhula.

Anyamata okutsukiraniwo musawataye, ndipo musawakalipire. Palibe amene anawaonetsa njira ina, ndipo ndalama imene amalandira pa galimoto imodzi siingagule microfibre. Gulani ndowa ziwiri, nsalu zinayi ndi botolo la shampuu, muzisunga m'buti, muwaonetse kamodzi inu muli pomwepo, muwonjezere kangachepe pa malipiro chifukwa ntchito itenga nthawi yotalikirapo. Nsaluzo muzichapa nokha kunyumba, pazokha, osaikamo mankhwala ofewetsera zovala.

Ngakhale mutasamala chotere, pa galimoto yakuda timizere tochepa tidzabwerabe. Mukationa musathamangire makina. Pakani wax kapena sealant, tibisikeko, mupitirize kuyenda. Polishi wofewa pa siponji yofewa kamodzi pa chaka kapena pa zaka ziwiri akwanira, ndipo compound, ngati munaigwiritsa ntchito ulendo woyamba uno, lembani tsiku ndi zigawo zimene inadutsa m'kabuku ka galimoto kuti amene adzagwire makina ulendo wina adziwe pamene kiliya yachepa kale.